Anastasia ndi Mpando Wakutsogolo

Mkangano unayamba galimoto isanalizidwe n'komwe. Anastasia anali atakhala kale pampando wakutsogolo, mwana wake Becky ali pamiyendo, ndipo mumtima anali atalumbira kuti ngakhale pabwere thirakitala yodzamukoka, iye satsikapo.

"Asisi, mwanayo apite kumbuyo," anatero Cosmas, mlongo wake wamng'ono, makiyi ali m'manja.

"Apite kumbuyo chifukwa chiyani? Wayamba liti kununkha mwana wanga?"

"Sizo ayi, asisi. Kutsogolo sikukhala mwana."

"Nena zoona, Cosmas. Nena kuti kutsogolo sikukhala ife anthu a kumunda. Kuno n'kwa anesi."

Apo ndiye panali chilonda. Musamuweruze msanga Anastasia, mpando umenewu unali ndi mbiri yake. Makolo awo atamwalira, Cosmas anali ndi zaka zinayi, iye khumi ndi zinayi. Anamulera yekha ku Nsefu kuno. Anatola thonje mpaka zala kung'ambika kuti mnyamatayo asasiye sukulu. Cosmas atakula anapeza ntchito yoonetsa alendo nyama pa loji ina ku Mfuwe, ndipo patapita zaka anagula kagalimoto kake, kakale ndithu koma koyenda bwino. Tsiku limene anafika nako pakhomo anatsegula chitseko chakutsogolo n'kunena kuti, "Asisi, mpando uwu ndi wanu."

Chaka chathunthu Anastasia anaudyerera mpandowo. Lamlungu lililonse ankapita kutchalitchi chigongono chili pawindo, akupatsa moni aliyense, makamaka amene anakangana nawo. Kenaka kunabwera Nasilele, nesi wochokera kutali ku Mongu, amene boma linamutumiza pa kiliniki ya m'deralo. Cosmas anamukwatira, ndipo chigongono cha pawindo chija chinasintha mwini. Palibe amene anamuthamangitsa Anastasia. Anapita yekha kumbuyo mwaulemu, monga mwambo umafunira, akumwetulira. Koma nsanje inamulowa ngati njenjete m'chimanga, kunja kwabwinobwino m'kati muli ufa wokhawokha. Ankadzitonthoza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame akewo sanakamuke, m'malo mwake Nasilele anakhala ndi pakati.

Chimene chinathira mchere pachilonda ndi mpando wa mwana umene Nasilele anabwera nawo kuchokera ku Lusaka. Unali wofiira, wofewa, wa malamba akeake, ukadali m'pulasitiki. Ha! Mpando wa munthu amene sanabadwe n'komwe! Kwathu kuno ngakhale thewera siligulidwa poyera mwana asanalire, koma mlamuyo anagula mpando wonse n'kuuika pabalaza kuti aliyense auone. Becky, wa zaka zitatu, woyenda ndi wolankhula, amalume ake sanamugulirepo mpando wa mtundu uliwonse. Anastasia akauona mpandowo malovu ankamuwawa m'kamwa.

Ndiye tsiku limeneli, popita ku Chipata ku ukwati wa msuweni wawo Purity, anadzuka kusanache, anavala diresi yake yatsopano ya chitenje, n'kukakhala kutsogolo ena onse akusamba. Mawu oyankhira mlamu wake anali atawanola usiku wonse.

Nasilele anatuluka m'nyumba akuyenda pang'onopang'ono, dzanja lina lili m'chiuno, lina litanyamula mpando wa mwana uja.

"Mwauka bwanji, alamu?" anatero ndi Chinyanja chake chopepuka lilime.

"Tauka."

"Khalani kutsogolo komweko, ndi kwanu. Ine ndikhala kumbuyo. Koma Becky ndipatseni, akhale pampando uwu."

Atatero anang'amba pulasitiki ija, kwee, n'kuyamba kumangirira mpandowo kumbuyo. Anastasia anangoti kukamwa yasa. Munthu wanola nkhwangwa usiku wonse, m'mawa n'kupeza mtengo wagwa wokha! Mkwiyo unasowa kopita, choncho unabwerera mwa mwini wake.

"Mpando wa mwana wanu sungani, alamu. Wanga sanazolowere zachifumu. Manja a mayi ndi lamba woposa malamba onse. Cosmas wanuyu ndinawoloka naye Lupande madzi ali m'chifuwa, ng'ona zili momwemo, ndipo sindinamugwetse."

"Ndikudziwa, amandiuza kawirikawiri," anayankha Nasilele. "Koma madzi amakoka pang'onopang'ono, munthu umakonzeka. Motoka ikaima mwadzidzidzi, zonse zili m'kati zimapitirira ulendo paliwiro lomwelo. Mwana amachoka m'manja musanaphethire. Ku kiliniki ndalandirapo amayi otere, alamu. Onse amanena mawu amodzi, akuti ndinamugwira zolimba."

"Ndiponso ndi lamulo, asisi," anawonjeza Cosmas. "Mwana wosakwana zaka teni saloledwa kutsogolo. Ndipo aliyense m'motoka, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, amange lamba. Ine laisensi yanga ndiyo munda wanga. Ndikaiwononga tidya chiyani?"

"Kale lonse lija ndinkakhala naye pano, lamulolo linali kutchuthi?"

Cosmas anakanda m'mutu. "Ndinkalakwa ndine. Ndinkaopa kukuuzani."

"Lero mantha atha chifukwa wapeza wokulankhulira."

Cosmas anaika makiyi m'thumba, anakakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kunena kuti ukwati ukhoza kutha iwo ali pomwepo. Mwina akanakhaladi mpaka dzuwa kulowa, pakuti onse awiri anayamwa bere limodzi ndipo liuma linali lofanana. Amene anathetsa nkhaniyo ndi Becky. Anasuzumira kumbuyo, anaona mpando wofiira uja, anatsetsereka pamiyendo ya amake n'kukwawira komweko yekha.

"Anti, ndikhale! Ndikhale!"

Nasilele anamukhazika, anamumanga malamba pamapewa ndi pakati pa miyendo, n'kulowetsa chala kuti aone ngati athina bwino. Becky anaseka mokondwa ngati wapatsidwa dziko lonse. Anastasia mtima unamupweteka koopsa. Mlongo anamulanda, mpando anamulanda, tsopano ngakhale mwana wobala yekha wathamangira kwa mlendo!

Kumbuyo kwa galimoto kunali kutadzaza mpunga, nsomba zouma ndi nkhuku ziwiri zopita ku ukwati. Panatsala dzungu lalikulu la m'munda mwa Anastasia, limene analonjeza azakhali awo a ku Chipata, ndipo chitseko chinkakana kutsekeka nalo.

"Liikeni pansi kumbuyo kuno, alamu, pafupi ndi mapazi anga," anatero Nasilele.

Akanangokhala chete, mwina Anastasia akanaliika pansi yekha. Koma poti wanena ndi mlamu, analinyamula n'kuliika pamiyendo, pamalo pa Becky. "Manja anga sanazolowere kukhala opanda kanthu," anatero mokweza kuti mawuwo afike kumbuyo.

Nkhani ya lamba inayenda chimodzimodzi. Nasilele anamanga wake, mbali ina kunsi kwa mimba, ina pakati pa chifuwa.

"Mumufinya mwanayo," anatero Anastasia osatembenuka bwino.

"Ayi, akadutsa kunsi kwa mimba, pamafupa a m'chiuno, amateteza tonse awiri. Inunso mangani wanu."

Lamba pa diresi yatsopano, yosita ndi makala, kuti akafike ku ukwati makwinya ali thoo? Komanso pouzidwa ndi yani? Anastasia ankadziwa kuti galimotoyo imalira tii, tii, munthu akapanda kumanga, koma ankadziwanso nzeru imene anaiona kwa anthu ena. Cosmas ali kunja kuona matayala, iye anadutsitsa lambayo kumsana kwake n'kumulowetsa m'malo mwake, kete. Galimoto inakhutira. Anafunda chitenje pamapewa, anakumbatira dzungu, ndipo Cosmas atalowa n'kufunsa ngati onse amanga, iye anayankha kuti, "Wamva ikulira?"

Ananyamuka cha m'ma seveni koloko. Anastasia anatulutsa chigongono pawindo monga kale, koma kukoma kuja kunalibe. Azimayi a pa mjigo anakweza manja, iye n'kukweza lake, komabe makutu ake anali kumbuyo. Kumeneko Becky ankaphunzitsa Nasilele mayina a mbalame m'Chikunda, Nasilele n'kumawapotoza dala, awiriwo n'kumafa nacho chiseko. Kutsogolo kunali zii. Cosmas maso anali pamsewu, nsagwada zili gwa. Anastasia anali atapambana mpando, koma ankamva ngati amusiya yekha pa siteshoni. Analifinya dzungu lija ndipo misozi ya mkwiyo inalengeza.

Tsoka silinunkha. Atatsala pang'ono kulowa mumsewu wa tala, pamalo pamene tchire limafika m'mphepete mwenimweni, njovu yaikazi inatulukira, kamwana kake kali pambuyo. Cosmas anaponda mabuleki ndi mphamvu zonse n'kukhotetsa chiwongolero. Galimoto inaserereka pamiyala, inatsikira m'ngalande n'kukagunda chulu, gu!

Anastasia sanadziwe kuti manja ake anatseguka nthawi yanji. Anangomva chinthu chikuzuka pachifuwa pake, kenaka phwaa pagalasi lakutsogolo, iye mwini n'kukamenyetsa kamwa padashibodi. Kwa kanthawi m'maso munachita mdima. Atatsegula maso anaona galasi litang'aluka ngati ukonde wa kangaude, zinthu zonyowa zikuyenderera pamenepo, zina zili pamiyendo pake pamodzi ndi magazi. Anayang'ana manja ake. Munalibe kanthu. Zaka zitatu manja amenewo anazolowera kunyamula chinthu chimodzi chokha m'galimoto imeneyi, ndipo mutu wake wozunguzikawo unaiwala za dzungu.

"Mayo, mwana wanga! Becky! Ndapha mwana ine!"

"Asisi, chete!" ananong'ona Cosmas atamugwira mkono. "Njovu ili pompano. Chete!"

Anastasia anadzitseka pakamwa. Njovu ija inaima, inakupiza makutu, inawayang'ana nthawi imene inaoneka ngati chaka. Kenaka inakankha kamwana kake ndi chitamba n'kuwoloka msewu. M'kachetechete momwemo munamveka kamawu kuchokera kumbuyo.

"Amama, onani! Kanjovu kang'ono!"

Anastasia anatembenuka. Becky anali pampando wofiira uja, malamba ali m'malo mwake, akuloza pawindo ndi chala, wopanda ngakhale kachilonda. Nsapato imodzi yokha ndiyo inavuka. Anastasia anayang'ananso galasi lija. Tsopano anaona bwino nthanga za dzungu zitamatirira pamene panang'alukapo, pamalo enieni pamene mutu wa mwana ukanafikira. Analira ngati pamaliro, ndipo sanasamale kuti mlamu wake akumuona.

Njovu zitapita kutali, onse anatsika. Nasilele anayamba wadzigwira pamimba, anadikira, kenaka anapumira m'mwamba. "Akusewera," anatero kwa mwamuna wake. Atatero anatenga kabokosi ka mankhwala n'kumukhazika Anastasia pamwala. Mlomo unali utang'ambika ndipo dzino limodzi lakutsogolo linali litabenthuka. Cosmas anasuzumira m'galimoto n'kuona lamba ali chimangire pampando wopanda munthu.

"Asisi! Munamanga mpando m'malo momanga munthu?"

"Asiyeni," anatero Nasilele. "Amva kale."

Anapukuta magaziwo mofatsa. Anastasia ankayembekezera mawu akuti ndinakuuzani, ndipo anali wokonzeka kuwalandira, koma sanabwere.

"Dzungu lija linali lolemera bwanji?" anafunsa Anastasia mlomo uli wotupa.

"Mwina makilo sikisi. Becky ndinamuyeza mwezi watha pa sikelo, ali ndi makilo opitirira thwelofu."

"Ndinaligwira zolimba, alamu. Ndi mkwiyo wonse ndinaligwira." Atamva mawu ake omwe, anakumbukira amayi aja a ku kiliniki. Kenaka anaulula zimene sanauzepo munthu. "Ine ndinkakuchitirani nsanje. Mpando wakutsogolo, mpando wa mwana wanu, zonse. Ndinkaona ngati mwabwera kudzandichotsa."

Nasilele anaseka pang'ono, koma m'maso munali misozi. "Ndiye tinali awiri. Inu mukayamba kucheza ndi mlongo wanu m'Chikunda, n'kumaseka za anthu amene ine sindinawaonepo, ndimakhala ngati mpando wa m'nyumba. Amayi anga ali ku Mongu, ulendo wa masiku awiri. Ndikadzachira, adzandisambitsire mwana ndani? Ndakhala ndikufuna kukupemphani, koma nkhope yanu inkanditsekera pakamwa."

Anastasia anachita manyazi mpaka kuyang'ana pansi. Iye ankalimbirana mpando, mnzake akusowa mbale.

Anthu odutsa panjinga anawathandiza kukankha galimoto. Kutsogolo kunali kutaphwanyika pang'ono, koma injini inalira bwinobwino. Cosmas anapukuta galasi, anaona kuti mbali yake ikuonetsa bwino, ndipo ananena kuti ayenda pang'onopang'ono mpaka ku Mfuwe, kumene Nasilele ndi Anastasia akapimidwe, galimoto nayo ikaonedwe. Anatsegula chitseko chakutsogolo n'kuima, osadziwa kuti aitane yani.

"Pitani, alamu, ndi kwanu," anatero Anastasia.

"Ayi, ndi kwanu."

Mapeto ake onse awiri anakhala kumbuyo, Becky ali pambali pa amake. Anastasia anakoka lamba, anamudutsitsa pachifuwa pa diresi yake yothimbirira dzungu ndi magazi, n'kumulowetsa, kete. Anamukokanso kawiri kuti atsimikize.

"Ndiye ine ndasanduka woyendetsa takisi?" anadandaula Cosmas.

"Yendetsa, iwe," anatero achemwali akewo. "Ndinakubereka kumsana."

Ku ukwati anafika madzulo, pa galimoto ya mnzake wa Cosmas, ndipo mpando wa Becky anasamuka nawo. Pa zithunzi zonse za tsikulo Anastasia anatseka pakamwa. Azakhali atafunsa za dzungu lawo, iye anawauza kuti linafa m'malo mwa munthu.

Thonje litagulitsidwa, Anastasia anapita yekha ku Chipata n'kukagula mpando wa salaula, wogwirapo kale ntchito koma woyenera msinkhu wa Becky, ndipo Nasilele anaona malamba ake onse kuti ndi olimba. Wofiira uja anauchapa n'kuusunga. Patapita miyezi itatu Nasilele anachira, mwana wamwamuna, dzina lake Mathew. Tsiku lotuluka, Cosmas anachokera kuntchito molunjika ku kiliniki, mpando n'kuuiwala kunyumba. Anastasia anausenza pamutu, ulendo wa ola lathunthu wapansi, dzuwa likuswa mtengo.

Podutsa pa mjigo azimayi anamuseka. "Amake Becky, mwayamba kusenzera alendo mipando? Mwana wakhanda amatuluka m'manja mwa azakhali ake, si pa chinthu cha pulasitiki!"

Anastasia anaima. Anatsegula pakamwa n'kuwaonetsa dzino lobenthuka lija.

"Mwaliona ili? Ndinalipeza chifukwa chomanga lamba kumsana kuti diresi isachite makwinya. Mverani kuno, anzanga. Mukakwera motoka imene ili ndi malamba, mangani, kaya muli kutsogolo kaya kumbuyo, kaya ulendo ndi wapafupi. Musamangire apolisi, mangirani moyo wanu. Mwana wamng'ono malo ake ndi kumbuyo, pampando wake womangidwa bwino, osati pamiyendo. Wakhanda ngati uyu mpando wake umayang'ana kumbuyo. Ndi lamulo, inde, koma ine sindinaphunzire kwa apolisi. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo wanga ndinatsala pang'ono kumukana chifukwa cha nsanje."

"Koma manja a mayi..." anayamba mayi wina.

"Manja a mayi ndi awa," anatero Anastasia atawatambasula, mpando uli chikhalire pamutu. "Analera Cosmas, anatola thonje zaka makumi awiri, anawolotsa mwana pa Lupande. Koma tsiku lija analephera kugwira dzungu."

Palibe amene anasekanso. Anastasia anakonza nkhata yake n'kupitiriza ulendo, pakuti Mathew ankamudikira.